Ziro wa m'Thumba

Pachipata cha fakitale ina yopanga mankhwala otsukira ndi oyeretsera madzi panali bolodi lakuda, lalikulu ngati chitseko chogoneka. Pamwamba pake panali mawu a penti yoyera akuti MASIKU OPANDA NGOZI, ndipo m'munsi munali malo olembapo nambala. M'mawa uliwonse, belu loyamba lisanalire, kapitawo wa shifiti ya masana ankaima pa bolodipo, n'kufufuta nambala ya dzulo ndi mpango, n'kulemba ya lero. Ankalemba mosathamanga, lilime lili pakati pa mano, ngati mwana wa sukulu wofuna kuyamikiridwa. Choko ankasunga m'thumba la pachifuwa la ovolosi, ndipo thumbalo linayera mpaka sopo anagonja. N'chifukwa chake fakitale yonse inkangowatchula kuti a Choko. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana choncho.

A Choko sanali munthu wosasamala. Zimenezi tinenetu pachiyambi, chifukwa pambuyo pake kunabwera anthu a mataye amene analemba zawo. Ali mnyamata, atangolembedwa ntchito, anaona mnzawo akutulutsidwa m'thanki atazizira kale, ndipo chionereni zimenezo sanalolenso munthu kusewera ndi ntchito. Wobwera wopanda magalasi oteteza maso ankamubweza. Kulira kwa pampu iliyonse ankakudziwa ngati mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake. Bolodi lija anachita kulipempha okha kwa abwana, kuti anthu aziona ndi maso kuti kubwerera kunyumba uli wamoyo ndi ntchitonso.

Pa fakitalepo panali zinthu ziwiri zosayenera kukumana: asidi, amene ankayenda m'mapaipi ofiira, ndi madzi a kolorini, amene ankayenda m'mapaipi achikasu. Chilichonse pachokha n'chofatsa ukachilemekeza. Zikasakanikirana zimabala utsi wachikasu umene umawotcha mapapo. Akalandira wantchito watsopano, a Choko ankamuloza mapaipiwo n'kunena kuti, "Uyu ndi mkamwini, awa ndi apongozi ake. Mpanda ndi umodzi, koma aliyense njira yake. Ife tinalembedwa ntchito yoti asakumane."

Lamulo la bolodi linali limodzi: munthu akavulala, dzina lake n'kulembedwa m'buku la namwino wa pa fakitale, nambala ibwerere pa ziro. Poyamba inkabwerera kawirikawiri ndipo palibe ankadandaula. Kenaka inayamba kukwera. Itadutsa 500, anthu anayamba kuilemekeza. Itadutsa 800, anayamba kuiopa. Akuluakulu a kampani analonjeza kuti ikafika 1,000 adzabwera okha, padzakhala zithunzi, wantchito aliyense adzalandira jekete lolembedwa nambalayo kumsana, ndipo dzina la kapitawo lidzalembedwa pa chitsulo chonyezimira pachipata pomwepo. Ndani akanafuna kukhala munthu amene anafufutitsa zonsezo chifukwa cha chala?

Ndiye anthu a pa fakitale imeneyo anayamba kugwa pa njinga. Wina akabwera ndi bandeji, mukamufunsa, amati wagwa pa njinga. Wina akutsimphina, wagwa pa njinga. Mayi wina wa m'chipinda cholongedzera mabotolo, amene chibadwire sanakwerepo njinga, anagwa kawiri m'chaka chimodzi. Namwino, posowa odwala, analuka majuzi atatu.

A Choko anali ndi mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene anali makaniko wa mapaipi pa fakitale yomweyo. Miyezi iwiri m'mbuyomo, fakitale itaima kuti ikonzedwe, makanikoyu anapita kukatenga magasiketi, timphete tophwatalala timene amaika polumikizira mapaipi kuti pasadonthe. Oyera olimba, amene asidi sawadya, anali atatha. Wosunga katundu anamupatsa akuda a mphira, kukula kwake kofanana ndendende.

"Gasiketi ndi gasiketi," anatero wosunga katunduyo. "Kapena mukufuna fakitale idikire mtundu wa penti?"

Makaniko anaika asanu ndi anayi m'mapaipi ofiira. Palibe amene analemba pena paliponse.

Tsiku la 977, Lachinayi masana, makaniko uja anaona polumikizira pamodzi pakunyowa. Anatenga sipanala kuti amange bawuti pang'ono. Atangokoka, asidi anafwamphuka ngati malovu a njoka, n'kulowa pakati pa golovesi ndi mkono wa ovolosi. A Choko anamupeza ataima pa mpopi wa pangozi, madzi akuyenderera pa mkono, mano atalumana. Anatseka paipi imeneyo, poti inali yaing'ono ndipo inali ndi inzake yodutsira, n'kumasula mabawuti. Gasiketi ija inatuluka yofewa ngati buledi woviika mu tiyi.

Anaiyang'ana onse awiri.

"Ndipite kwa namwino, alamu?" anafunsa makaniko.

A Choko anayang'ana mkonowo, kenaka anayang'ana cha kuchipata. "Balalo likupweteka kwambiri?"

"Likuyaka."

"Madzi mwathira okwanira. Namwino akachitanso chiyani kuposa madzi ndi bandeji? Bandeji achemwali anu amaidziwa."

"Bala ndi laling'ono, alamu. Chikundivuta ndi china. Akuda chonchi atsala asanu ndi atatu, ndipo ena ali pa paipi yaikulu."

Apa a Choko anayamba kuwerengera mumtima. Kusintha a pa paipi yaikulu kunkafuna kuimitsa fakitale masiku awiri. Kuimitsa fakitale kunkafuna fomu, fomu inkafuna chifukwa, ndipo chifukwacho chinkapita pa tebulo la mayi injiniya, munthu amene funso lake limodzi linkabala mafunso asanu. Akanafunsa kuti mwadziwa bwanji, ndipo yankho lake linali pa mkono wa makaniko.

"Atsala masiku 23 okha," anatero a Choko potsiriza. "Apirira miyezi iwiri, apirira masabata atatu. Tsikulo likangodutsa, fomu ndikalemba ndine, ndi dzanja langali. Pakadali pano ndiziwayendera m'mawa uliwonse, mmodzimmodzi. Anthu awa avutikira nambala ija zaka zitatu, alamu. Tiwalande chifukwa cha ife awiri, pachibale?"

"Ndiye ndikanene kuti chachitika n'chiyani?"

"Njinga muli nayo?"

"Ndinagulitsa."

"Basi mwagwa pa yobwereka."

Anaseka onse awiri. Kuseka kwake kunali kwa anthu amene akuthandizana kunyamula katundu wakuba.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anapita limodzi kunyumba kwa a Choko. Akazi awo anakhazika mlongo wawo pa mpando wa m'khitchini, n'kumasula nsanza imene anakulunga pa mkono. Khungu linali litayera, m'mbali muli mofiira.

"Iwe, njinga yake iti yowotcha chonchi?"

"Funsani amuna anu, achemwali."

"A Choko," anatero mayiwo osatembenuka, "bala ili ndi la kuchipatala."

"Lipola, mayi. Mangani bwinobwino, pakamwanso mumange."

Panyumbapo panalinso mwana wawo wachisamba, mnyamata wa zaka 22, amene anali pa tchuthi kuchokera ku koleji kumene ankaphunzira uinjiniya, chaka chachitatu. Bambo ake ankamunyadira kwambiri, ndipo kunyada kwawo kunkatulukira m'nthabwala: ankamutchula kuti a Pulofesa. Atakhala pa tebulo kuti adye, nkhani ya magasiketi itamveka yonse, mnyamatayo anaika supuni pansi.

"Bambo, imodzi ikadyeka ndiye kuti enawo akudyekanso. Asidi sasankha. Ija yadontha lero yangobwera kudzakuuzani."

"Mwamva, alamu? A Pulofesa ayankhula. Nanga buku lanu likuti aphulika liti?"

"Silinena tsiku."

"Eya. Buku lilibe tsiku, koma ine maso ndili nawo. Mapaipi aja ndakhala nawo zaka zambiri kuposa zimene ndakhala ndi inu." Ananena mosakalipa, akumwetulira, ndipo anatenga nthuli ya nyama m'mbale yawo n'kuika m'mbale ya mwana wawo. "Idyani. Tsiku lija ndikufuna mudzaime pambali panga pa chithunzi. Ndapempha kale jekete lanu."

Mnyamatayo anadya. Tchuthi cha m'mbuyomo anaphunzirako ntchito pa fakitale yomweyo, ndipo nambala ya foni ya mayi injiniya anali nayo. Anaitsegula kawiri sabata imeneyo, n'kuiyang'ana, n'kuitsekanso. Ankaopa kuona nkhope ya bambo ake itagwa. Pa anthu anayi amene anadya pa tebulo lija, bambo anali ndi bolodi lawo, amalume anali ndi ntchito yoti ateteze, mayi sankadziwa za asidi. Iyeyo ankadziwa, ndipo analibe choti ataye kupatula kumwetulira kwa bambo ake. Tchuthi chitatha anabwerera ku koleji.

Mayi injiniya anaona bandeji pa mkono wa makaniko Lolemba lotsatira.

"Mkono wachita chiyani?"

"Njinga, mayi."

"Njinga za anthu a kuno zili ndi mano," anatero, n'kupita kukapeza a Choko ku chipinda choyang'anira makina. "Akapitawo, pali chimene ndiyenera kudziwa?"

"Zonse zili bwino, mayi. Nambala mwaiona nokha."

"Ndaiona. Ndi imeneyo ikundisowetsa mtendere. Munthu wamoyo amakhosomolako. Fakitale iyi yatha zaka zitatu osakhosomola."

"Ndi yathanzi."

"Mwina," anatero mayiwo. Anaima pakhomo kanthawi, kuwapatsa mpata. A Choko anawerama n'kuyamba kulemba m'buku la shifiti.

Lonjezo lawo analisunga. M'mawa uliwonse, akangolemba nambala, ankayamba ulendo wa magasiketi. Ankagwada, kuunika ndi tochi, kupititsa kapepala koyezera asidi m'munsi mwa mabawuti. Asanu ndi awiri ankawafikira. Wachisanu ndi chitatu anali pamwamba, pa mlatho wa mapaipi, pamene pankafuna makwerero ndi chilolezo cholembedwa. Ameneyo ankangomuyang'ana ali pansi, dzanja litatchinga dzuwa. Pansi pa mlathowo pankadutsa ngalande yopita ku dzenje lolandira madzi otsukira matanki a kolorini. Ngalandeyo ankaiona tsiku lililonse, ndipo ankadziwa kumene imathera.

Anayamba kuonda. Chakudya ankangochitembenuza. Akazi awo akafunsa, ankati ndi kutopa kwa zokonzekera. Nambala ankailembabe bwinobwino, koma mlonda wa pachipata anadzanena pambuyo pake kuti masiku amenewo choko chinkawathyokera m'manja.

Tsiku la 996 linali Lachiwiri. Makatoni a majekete anali atafika kale, ataunjikidwa mu ofesi. Cha m'ma 10 koloko m'mawa, anthu akumwa tiyi, gasiketi ya pamwamba ija inatha. Sipanamveke kuphulika. Panangomveka phokoso ngati la mvula pa malata, asidi akukhuthukira pansi, n'kutsata ngalande monga madzi aliwonse amachitira. Mkamwini ndi apongozi anakumana m'dzenje lija. Utsi wachikasu unadzuka pang'onopang'ono, wolemera, wokwawa ndi nthaka, ndipo kamphepo kanautenga kulunjika ku chipinda cholongedzera mabotolo, mmene munali amayi oposa makumi anayi.

Belu la ngozi linalira. A m'chipinda choyang'anira makina anazimitsa pampu, koma asidi sanasiye, chifukwa thanki yake inali pamwamba ndipo ankangotsika yekha. Panafunika munthu wokatseka valavu ya pamanja, chotsekera paipi chopotokola ndi gudumu, patsinde pa thankiyo, m'kati mwa utsi. Anthu anali akufunsana kuti padontha pati. Munthu mmodzi yekha sanafunse. Anali atayang'ana malo amenewo masiku 19.

Zovala za mpweya wa m'botolo zinali kutsidya kwa utsi, ndipo kuzungulira kukazitenga kukanadya nthawi. A Choko anatenga masiki yothawira, yopangidwa kuti munthu apume nayo mphindi khumi akutuluka, iwo n'kulowa nayo. Gudumu la valavu linali litauma. Analimbana nalo ndi manja, kenaka ndi chitsulo. Pamene linkagonja, mphindi zinali zitapitirira makumi awiri. Amayi aja anatulukira khomo la kumbuyo. Khumi ndi mmodzi anagonekedwa m'chipatala, ndipo onse anachira. A Choko anatulutsidwa ndi mlamu wawo, amene anazungulira kukavala botolo la mpweya n'kukawapeza atakhala pansi, atatsamira thanki, dzanja likadali pa gudumu.

Anakhala m'chipatala masiku atatu. Mwana wawo anafika patatha masiku awiri, masana, n'kupeza mayi ake atakhala pambali pa bedi, atagwira phazi la amuna awo, poti manja anali ndi timapaipi. Kupuma kwa a Choko kunkamveka ngati munthu akukoka thumba la mchenga pa simenti. Atamuona, anasuntha chopumira pakamwa n'kumukodola.

"A Pulofesa. Pa bolodi alemba chiyani?"

"Sanalembe kanthu, bambo. Akuti pakadali 996."

"Akuopa." Anapuma kanthawi. "M'thumba la ovolosi muli choko. Mukawapatse amalume anu. Akalembe ziro."

"Musalankhule, bambo."

"Ziro ameneyo si wa dzana. Ndi wa tsiku la mkono lija. Ndinamuika m'thumba, ndimati ndidzamutulutsa akadutsa alendo." Anatsokomola nthawi yaitali. "Wakulira m'thumba momwemo."

"Ndikanaimba foni, bambo. Nambala ndinali nayo."

"Ndikanakukwiyira."

Mnyamatayo anafuna kunena kuti mkwiyo wa bambo wamoyo ndi katundu wopepuka. Anangowabwezera chopumira pakamwa. Anamwalira mawa lake, dzuwa lili paliwombo, tsiku limene pa bolodi pakanalembedwa 999.

Pa maliro akuluakulu a kampani anabwera, omwe aja amene ankayembekezeka kudzajambulitsa. Anawatchula a Choko kuti ngwazi, ndipo sananame. Mmodzi anati gasiketi inaphulika popanda chenjezo lililonse, nawonjeza kuti tsoka silinunkha. Anthu anagwedeza mitu. Makaniko anakokera mkono wa malaya ake m'munsi.

Patatha sabata kunabwera ofufuza. Tsiku loti mawa akaonekera pamaso pawo, makaniko anapita kwa mlongo wake. Anamupeza akupinda zovala za malemu, mwana wake akumuthandiza kuika m'sutikesi.

"Achemwali, mawa andiitana. Magasiketi akuda awapeza kale, zimenezo ndivomera. Koma za mkono uwu palibe akudziwa. Ndikakhala chete, alamu akhalabe ngwazi. Ndikanena, dzina lawo lida, inenso ntchito ingathe. Ndabwera kuti mundiuze."

Mayiwo anapinda malaya amodzi mpaka kumaliza, n'kuwasalaza ndi chikhatho.

"Bala lakolo ndinamanga ndine, m'khitchini umu. Anati ndimange bala, ndimangenso pakamwa, ndipo ndinamanga zonse ziwiri. Bala lapola. Taona chimene pakamwa pandibweretsera." Anaika malayawo m'sutikesi. "Amuna anga anali munthu wabwino amene analakwitsa. Ukanene zonse ziwiri. Ngwazi ya pa chitsulo ine sindikuidziwa. Ndikudziwa amene ndinkawachapira thumba la choko."

"Nanga anthu akatinena?"

"Anene. Pa fakitale paja pali amuna a eni ake, ndipo akazi awo akuchapabe maovolosi. Ukufuna wina adzapindenso zovala ngati ine?"

Mawa lake, ofufuza atafunsa ngati panali chizindikiro chilichonse ngozi isanachitike, makaniko anayamba kuyankha ndi mkono wake. Anamasula batani, n'kupinda mkono wa malaya mpaka pachigongono, n'kuika mkonowo pa tebulo.

"Akuti tsoka silinunkha," anatero. "Ili linanunkha, mabwana. Tinatseka mphuno."

Anafotokoza zonse, za wosunga katundu, za buledi woviika mu tiyi, za njinga yobwereka, za ulendo wa m'mawa uliwonse ndi tochi. Atamaliza, mayi injiniya anapempha ofufuzawo chinthu chimodzi: kuti alengeze kuti aliyense wonena zimene anabisa sachotsedwa ntchito. Akuluakulu anazengereza, koma ofufuza anaumirira. Anaika tebulo pachipata, pansi pa bolodi lija, pomwe panali ziro wopindika wolembedwa ndi dzanja la makaniko.

Tsiku loyamba kunabwera anthu awiri. Lachiwiri panali mzere. Wina anaonetsa chala chimene makina otsekera mabotolo anachitafuna. Wina ananena za belu lochenjeza limene analimanga nsanza chifukwa linkalira pafupipafupi. Mayi uja wosakwera njinga anavula nsapato n'kuonetsa phazi limene linapsa ndi madzi a kolorini, pamalo pamene anzake atatu anapsanso. Pomaliza anawerenga nkhani 58. M'masiku 996 opanda ngozi munali ngozi 58.

Lipoti litatuluka linati kapitawo anabisa chenjezo, ndipo n'zoona. Mayi injiniya anakana kulisainira mpaka atawonjezamo chiganizo china, chakuti bolodi limene limalanga wonena zoona limaphunzitsa anthu bodza, ndipo amene analonjeza majekete ndi amene analipatsa mano.

Fakitale inakhala yotseka miyezi inayi. Ngalande ija anaikumba n'kuipatutsa, kuti asidi akatayika azipita ku dzenje lakelake. Valavu ija tsopano imatsekedwa ndi batani, munthu ali kutali. Wosunga katundu sangaperekenso chinthu china m'malo mwa chinzake, ngakhale kabawuti, popanda siginecha ya injiniya. Wantchito aliyense, ngakhale wosesa, akaona chokayikitsa ali ndi mphamvu yoimitsa makina, ndipo woyamba kumuthokoza amakhala bwana. Zonsezi ndi zabwino. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinali chosadziwika kale. Zinkangodikira munthu woti afe.

Mwana uja anabwerera ku koleji, koma sanakhalitse. Tsiku lina mphunzitsi wa phunziro la chitetezo anabweretsa nkhani yatsopano yoti akambirane. Anajambula thanki, mlatho wa mapaipi ndi ngalande, ndi choko, pa bolodi lakuda. Anajambula bwino. Kenaka anati, "Apa panali kapitawo wina wosasamala." Anzake analemba m'makope. Iye anayang'ana fumbi la choko likugwera pa nsapato za mphunzitsiyo. Akanatha kuimirira n'kunena kuti munthuyo ankagwada ndi tochi m'mawa uliwonse, kuti anatulutsa amayi makumi anayi, kuti analinso ndi mwana wodziwa mabuku amene anangokhala chete akudya nyama. Anatseka kope, n'kutuluka, ndipo sanabwererenso. Mayi ake akamufunsa, amati adzapita chaka chamawa. Zaka zamawa zadutsa ziwiri.

Masiku ano amadutsa pachipata paja kawirikawiri, ngakhale kulibe chimene amakatenga kumeneko. Bolodi likadalipo, koma mawu a pamwamba anasintha. Tsopano amati ZIMENE TAONA N'KUNENA MWEZI UNO, ndipo nambala ikakwera abwana amasangalala. Amalemba ndi amalume ake, amene ntchito sinawathere. Zolemba zawo n'zokhotakhota, sizifika pa za mwini choko.

M'mawa wina anawapeza akulemba 34. Asanamalize, kunabwera wantchito wina atakweza chala chokulunga mpango.

"Onjezani imodzi, amakaniko. Ndadzicheka."

"Njinga?"

"Ayi, lata la pa makwerero. Lakhala likundidikira kuyambira sabata yatha."

"Ndiye sabata yathayo bwanji osanena? Pita kwa namwino, ukamuchotse pa zoluka zake. Ukabwera udzandionetse latalo."

Anaseka, ndipo kuseka kwake kunali kopepuka. Makaniko anafufuta 34 n'kulemba 35. Atatembenuka anaona mwana wa mlongo wake ataima kutsidya kwa msewu, ndipo anamukwezera dzanja loyera ndi choko. Mnyamatayo anakwezanso lake.

Tsiku lina mnyamatayo anapempha mayi injiniya fomu imodzi yosalemba, ya mtundu umene bambo ake ankati adzalemba alendo akadutsa. Anapita nayo kunyumba, n'kukhala pa tebulo lomwe lija, n'kuilemba yonse ngati kuti ndi Lachinayi la tsiku la 977: malo, nthawi, chimene chaoneka, wovulala, chofunika kuchita. Anayang'ana wotchi poyamba ndi pomaliza. Zinamutengera mphindi zinayi.

Fomuyo anaipinda n'kuiika m'thumba la pachifuwa la ovolosi ija, imene mayi ake anakana kuiika m'sutikesi. Ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, thumba lake loyera. Bala la pa mkono wa amalume ake linali laling'ono, loti namwino akanalimanga asanamalize kufunsa dzina. Analibisa kwa namwino mmodzi ndi injiniya mmodzi, koma belu la ngozi litalira anamva ndi anthu a misewu isanu, ndipo ku manda kunafika ngakhale amene sankadziwa kuti fakitaleyo imapanga chiyani. Makolo athu anaona kale zotere pamene ankati: mukabisa matenda, maliro tidzamva.